MAU KWA ANCHITO OKWERA NJINGA

Abale ndi alongo, ambiri a ife ticoka ku Matero ndi ku Chilenje kusanace, ndipo tibwerera kwathu dzuwa litalowa. Woyendetsa galimoto sangapewe munthu amene sakumuona.

Cifukwa cace tiike nyali yoyera kutsogolo pa handulo, yoweramira pansi pang'ono kuti iunike mseu, isathobwe anzathu m'maso. Tiimange zolimba ndi sipanala, pakuti mabampu amamasula. Kumbuyo tiike nyali yofiira pansi pa cishalo. Koma tikanyamula thumba la ufa kapena la makala, tiisunthire kumapeto kwa kaliyala, popeza nyali yobisika ndi katundu iribe nchito. Galimoto yocokera kumbuyo ife sitiiona; nyali yofiira ndiyo imatilankhulira.

Ana athu alikutidikira kunyumba. Tiyeni tikafike amoyo!