Hana Pamzere wa Kuchipatala

Lero tikamba nkhani imene m'mabanja ambiri imanenedwa monong'ona, mwinanso sinenedwa n'komwe: nkhani ya banja lofuna mwana limene layamba kuyenda m'zipatala. Za mankhwala tikambako ndithu, koma makamaka ndikufuna tilingalire za mawu amene munthu wotereyu amamva pa ulendo wake, mawu a dokotala, a namwino, a mwamuna wake, ndi athu ife atumiki a Mulungu. Ngati Baibulo lili pafupi, tsegulani 1 Samueli mutu 1, muwerenge ndime 1 kufikira 18.

M'ndimezi anthu atatu alankhula ndi Hana. Penina, mkazi mnzake, amamputa dala chaka ndi chaka, ndipo za iyeyo sitichedwapo, pakuti nkhanza yake ili poyera. Elikana amamkonda Hana, ndipo tisamuchotsere zimenezo. Koma taonani kalankhulidwe kake pa ndime 8. Akumuunjikira mafunso anayi motsatizana, lomaliza n'lofuna kudziwa ngati iye saposa ana aamuna khumi, ndipo sitiwerenga kuti anadikira yankho. Mwamunayu wasandutsa chisoni cha mkazi wake kukhala nkhani ya iye mwini. Wachitatu ndi Eli, wansembe, katswiri wa m'nyumba ija ya ku Silo, munthu amene ntchito yake inali kulandira osweka mtima. Iye anaona milomo ikugwedezeka, mawu osamveka, nagamula pomwepo kuti mayiyu waledzera. Dokotala akatchula matenda asanamve wodwala, amachita zimene anachita Eli.

Tidziwe kaye kukula kwa vutoli. M'chaka cha 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka pa nthawi ina ya moyo wake, m'mayiko olemera ndi osauka omwe. Achipatala amati pali vuto ngati banja lakhala malo amodzi miyezi 12 popanda kulera koma pathupi osaoneka. Kuno kwathu chala chimaloza mkazi, ndipo dzina loti chumba limamfikira msanga. Komatu pafupifupi theka la mabanja otere, vuto limapezeka kwa mwamuna, kaya kwa iye yekha kaya pamodzi ndi mkazi. Kwa amayi a m'dera lathu lino, kawirikawiri ndi machubu odutsa mazira amene atsekeka chifukwa cha matenda amene sanachizidwe bwino: matenda opatsirana pogonana amene mwina anabwera ndi mwamunayo, matenda olowa pobereka kapena popita padera, ngakhalenso likodzo la m'madzi a m'nyanja ndi m'madambo athu. N'chifukwa chake ambiri amabereka mwana mmodzi, kenaka zii.

Tsopano tiyende naye mayi wotereyu. Wadzuka m'mamawa, wafika kuchipatala, ndipo nthawi zambiri mzere wake ndi womwewo kapena woyandikana ndi wa amayi oyembekezera. Wakhala pakati pa mimba za anzake maola atatu. Wina akufunsa mwachikondi kuti, "Yanu ndi ya miyezi ingati?" Akalowa m'chipinda, chitseko chili pululu, ophunzira udokotala aimirira m'mbali, ndipo akufunsidwa mokweza za msambo wake, za kuchipinda kwake, ngati anachotsapo mimba. Mafunsowo ndi oyenera, dokotala sangathandize popanda kuwafunsa. Koma funso loti "munachotsapo mimba?" likafunsidwa popanda kufotokoza chifukwa chake, mayi amalimva ngati mlandu. Pangafunike masekondi ochepa chabe kutseka chitseko ndi kunena kuti, "Mayi, mafunso awa timafunsa aliyense, chifukwa amatithandiza kudziwa poyambira."

Kenaka amtumiza kukajambulitsa machubu. Amathira mankhwala amadzi m'chiberekero najambula ndi ekisire kuti aone ngati madziwo akudutsa. Kuyezaku kumapweteka ngati cham'mimba cha msambo, kwa ena koposa pamenepo. Mayi amene wauzidwiratu amaluma mano napirira. Amene sanauzidwe amaganiza kuti china chake chang'ambika m'kati, ndipo ena sabwereranso. Atatha apo amapatsidwa pepala lolembedwa m'Chingerezi cha madokotala, chimene ngakhale mphunzitsi wa sekondale sangachimasulire, namuuza kuti abwere mwezi wamawa. Mwezi wathunthu pepala lili m'chikwama, akulitulutsa usiku, akuliyang'ana ngati kalata ya imfa, pamene mwina likungonena kuti chubu chimodzi n'chotseguka ndipo mwayi ulipo.

Abambo, ndilankhule nanu. Kuyeza mwamuna n'kosavuta ndi kotsika mtengo kuposa kuyeza konse kumene mkazi amapyolamo. Palibe mpeni, palibe jakisoni. Mumadziletsa masiku awiri kufikira 7, n'kupereka umuna m'kabotolo. Zotsatira zikakhala zosakondweretsa, sindiye kuti mlandu watha, pakuti mbewu ya mwamuna imatenga miyezi iwiri ndi theka kuti ipangike, ndipo ngakhale kutentha thupi kwa malungo kumatha kuifooketsa kwa kanthawi. N'chifukwa chake amayezanso pakapita miyezi itatu. Koma ndi angati amauzidwa zimenezi? Mwamuna amene wapatsidwa kabotolo pagulu, nalozeredwa kuchimbudzi, nauzidwa pambuyo pake mawu awiri okha akuti "mbewu zachepa", amatuluka atamva dzina limodzi m'mutu mwake: gojo. Sabwereranso, ndipo mkazi amapitiriza kumwa mankhwala a matenda amene alibe. Kubereka ndi mphamvu za kuchipinda ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo wachipatala amene anena zimenezi momveka wapulumutsa banja. Kumbukirani Isake pa Genesis 25. Anakwatira ali ndi zaka 40, ana anabadwa ali ndi zaka 60, ndipo Malemba akuti iye anapempherera mkazi wake. Sanamsiye Rebeka kuti asenze yekha zaka 20 zija.

Ena amathandizidwa ndi mapiritsi okhwimitsa mazira, omwa masiku asanu pa mwezi. Ena amafunika opaleshoni. Koma machubu onse akatsekeka, madokotala amatchula njira ya IVF, imene dzira la mayi ndi mbewu ya bambo zimakumanitsidwa kunja kwa thupi, kenaka kamluza kamabwezeredwa m'chiberekero. Mwana woyamba wa njira imeneyi, Louise Brown, anabadwa pa 25 Julayi 1978 ku Oldham, m'dziko la England, ndipo ku South Africa woyamba anabadwa mu 1984 pa chipatala cha Tygerberg ku Cape Town. Dziko limakumbukira Patrick Steptoe ndi Robert Edwards, ndipo Edwards analandira mphotho ya Nobel mu 2010. Ochepa amakumbukira Jean Purdy, namwino amene anagwira nawo ntchitoyo kuyambira pachiyambi. Ndipo pafupifupi palibe amene amakumbukira kuti amayi 282 anadzipereka pa kuyesa kwa zaka zimenezo, koma ana amoyo amene anabadwa anali awiri okha. Enawo anabwerera kwawo manja ali m'khosi. Kuyambira pa chiyambi chake, ntchito imeneyi yakhala ikufuna anthu odziwa kulankhula ndi iwo amene sizinawayendere.

Lero zinthu zapita patsogolo kwambiri, komabe choonadi n'chakuti ngakhale m'zipatala zabwino, mayi wosakwana zaka 35 amakhala ndi mwayi pafupifupi umodzi mwa itatu pa kuyesa kumodzi, ndipo akapitirira zaka 42, ndi mazira ake omwe, mwayiwo umachepa zedi. Banja limene lagulitsa munda, latenga ngongole, lakwera basi ya ku Johannesburg kapena ndege ya ku India, liyenera kumva chiwerengero chimenechi lisanalipire. Kubisa n'kuba. Ndikunena mosapsatira, chifukwa chiyembekezo cha munthu wosauka si malonda.

Pa njira imeneyi mawu osamveka bwino amawononga ndalama ndi thupi lomwe. Mayi amadzibaya jakisoni pamimba tsiku ndi tsiku kwa masiku 10 kapena 12. Pamapeto pali jakisoni wina amene ayenera kubayidwa pa ola lenileni, pafupifupi maola 36 asanachotse mazira. Akalakwitsa olalo, ntchito yonse ya mwezi umenewo ingathe kupita m'madzi. Ndiye talingalirani mayi ali kudziko la eni, akulangizidwa mofulumira m'chilankhulo chimene si chake, akugwedeza mutu chifukwa cha ulemu pamene sanamve. Ife tinaleredwa kuti wamkulu safunsidwa kawiri. Mlongo wanga, pamenepa ulemu wotere ungakupweteke. Funsa kawiri, funsa katatu, uwapemphe alembe olalo papepala, ubwereze pamaso pawo zimene wamva. Ufunsenso zizindikiro zoopsa, pakuti mankhwalawa nthawi zina amatupitsa thumba la mazira mopitirira: mimba ikatupa kwambiri, mpweya ukamabanika, mkodzo ukachepa, usadikire kuti kuche. Ndipo inu okhulupirira, funsani musanayambe kuti adzapanga timiluza tingati, adzabwezera tingati, ndipo totsala tidzasungidwa bwanji ndi kwa nthawi yotani. Nkhani imeneyi ikhudza chikumbumtima, ndipo ndi bwino kuipempherera muli kunyumba kusiyana ndi kuisankha mutagona pa bedi la opaleshoni.

Atabwezera kamluza pamabwera masabata awiri odikira. Mayi wina amene anatilembera kalata anafotokoza kuti jakisoni sanamuvute, ngakhale ngongole sinamuvute ngati masiku amenewo. Foni ya kuchipatala, imene poyamba inkalira tsiku lililonse, inangoti chete. Zotsatira za magazi zinamupeza ali m'minibasi, pa uthenga wa pafoni wa mzere umodzi, wonena kuti sizinatheke ndipo asiye mankhwala. Anatsika pa siteji imene sinali yake, nakhala pansi m'mbali mwa msewu. Iye sanadandaule kuti madokotala analephera, pakuti anadziwa kuti iwo si Mulungu. Chimene chinamupweteka n'chakuti panalibe munthu amene anamufunsiratu kuti akufuna kumva bwanji, pa ola liti, ali ndi yani.

Inu anamwino ndi madokotala amene mukumvera, ndikudziwa kuti mumatopa. Ndikudziwa kuti wodwala amene ali patsogolo panu ndi wa 60 pa tsikulo, ndipo malipiro anu sakwanira mwezi. Sindikukuweruzani. Koma bwererani kwa Eli, chifukwa nkhani yake sinathere pa kulakwa kuja. Hana atayankha kuti iye ndi mkazi wa mtima wachisoni, Eli sanadziteteze, sanakumbutse mayiyo za udindo wake. Anamva, nasintha mawu ake, namdalitsa kuti apite mu mtendere, napempha kuti Mulungu wa Israyeli ampatse chimene wapempha. Tsono onani ndime 18. Hana anapita, nadya, ndipo nkhope yake sinakhalenso yachisoni. Abale anga, pa ola limenelo m'mimba mwa Hana munalibe kanthu. Samueli anali asanakhalepo. Chimene chinasintha n'chakuti anatsanulira mtima wake pamaso pa Yehova, ndipo munthu mmodzi wa udindo anamumva. Mayi amene anakana chakudya pa ndime 7 akudya pa ndime 18.

Ndi ife abusa, mlandu wathu ndi waukulu kuposa wa achipatala. Alipo pakati pathu amene amaimiritsa mayi pamaso pa mpingo, nalosera kuti chaka chamawa ngati lero adzakhala atabereka mwana kumbuyo, namgulitsa madzi kapena mafuta. Chaka chikatha popanda mwana, amati chikhulupiriro chake n'chochepa, kapena pali tchimo lobisika, kapena azakhali ake anamumanga. Werengani Luka 1 ndime 6 ndi 7. Zekariya ndi Elizabeti akutchedwa olungama pamaso pa Mulungu, ndipo pomwepo akutchedwa opanda mwana kufikira ukalamba. Mzimu Woyera anaika ziwirizo pamodzi kuti pasapezeke wonena kuti kusabereka ndi chilango. Mulungu amachita zozizwitsa, ndikukhulupirira ndi mtima wonse. Koma sanatipatse ife kalendala yake, ndipo kupita kuchipatala si kusakhulupirira. Amene analemba za Elizabeti uja anali Luka, sing'anga wokondedwa.

Pali funso lina limene banja limaopa kufunsa ndipo dokotala amaopa kuyambitsa: tidzaleka liti? Kuyesa kukalephereka, pemphani tsiku lokakhala pansi ndi dokotala, nonse awiri, kuti akuuzeni chimene anaona, chimene angasinthe, ndi mwayi weniweni ngati mutayesanso. Mugwirizane malire a ndalama ndi a mphamvu zanu musanabwererenso. Banja limene lasankha kuleka silinagonje, ndipo limene lasankha kulera mwana wa m'bale kapena wamasiye lisauzidwe kuti latola chotsala. Koma mawu amenewa atuluke m'kamwa mwawo, pa nthawi yawo. Si ife oyenera kuwauza pa tsiku la misozi kuti "bwanji mungotenga wamasiye", monga Elikana ndi mafunso ake aja.

Amayi a chigwirizano ndi a mvano, mukamva kuti mlongo wabwerako ndipo sizinatheke, pitani monga mumapitira pa zovuta zina. Tengani ufa ndi nkhuni, khalani naye pamphasa, musamufunse kuti vuto lili kwa yani, musamutchulire sing'anga wa zitsamba amene anathandiza mphwanu. Zimene akuuzeni zisafike pa pempho la mapemphero Lamulungu popanda chilolezo chake. Ndipo ku Malawi, pamene tikukondwerera tsiku la anakubala pa 15 Okutobala, abusa lingalirani kawiri musananene kuti amayi onse obereka aimirire, chifukwa pa mpando wachitatu pali wina amene atsale chikhalire, maso a mpingo wonse ali pa iye.

Sabata yamawa, Ambuye akalola, tidzalowa m'mutu 2, kumene Hana akupita ku Silo chaka ndi chaka atanyamula kamwinjiro kamene wasokera mwana amene sakhala naye.