Masamba Ndi a Mulungu, Koma Musataye Mapiritsi



Lero ndiyamba ndi kulapa. Chaka chatha mayi wina wa mumpingo mwathu anaimirira kupereka umboni. Akuti, “Abusa, shuga uja watha. Ndikungomwa madzi a nimu ndi chammwamba, mapiritsi ndataya.” Mpingo wonse nthungululu, inenso ndinakuwa kuti ameni. Sindinawafunse n'komwe ngati anakayezetsa. Patatha miyezi itatu kachilonda kakuphazi kanakana kupola, kuchipatala anawadula zala ziwiri. Abale anga, ameni wanga uja akundipweteka mpaka lero.

Kodi ndikunyoza masamba? Ayi! Pa 2 Mafumu 20, mfumu Hezekiya atadwala, Yesaya analamula kuti amuike nkhuyu pachithupsa, Mulungu n'kumuwonjezera zaka 15. Koma bwererani pa mutu 4. Munthu anakathyola zipatso zakutchire zomwe sankazidziwa n'kuziika mumphika, ana a aneneri atalawa anakuwa kuti muli imfa. Akanapanda Elisa, bwenzi ali maliro. Chomera kutchire si chonse choti tizimeza.

Ife a kuno tikukumbukira Januwale 2022, namondwe Ana atagumula damu la Kapichira. Shire yemwe amatipatsa magetsi, atasowa chomugwira, anasiya dziko mumdima. Shuga m'magazi alinso chimodzimodzi. Amatipatsa mphamvu, koma akasefukira amawononga maso, impso ndi mapazi mwakachetechete. Metformin ndi insulin zomwe adokotala anakupatsani ndiye damu lanu. Mukaligumula nokha, mudzalira ndi ndani?

Tsono tamverani. Chammwamba idyani ngati ndiwo, pamodzi ndi bonongwe, therere ndi nkhwani. Nsima muchepetse, zakumwa zotsekemera ndi mzimbe musiye. Zomwe akugulitsa m'mabotolo pamsika, zopanda muyeso zija, musamwe musanafunse kuchipatala, pakuti zina zikakumana ndi mapiritsi zimatsitsa shuga mopitirira. Mukayamba kunjenjemera, thukuta ndi chizungulire, imwani madzi othira shuga msanga, kenako muthamangire kuchipatala. Ndipo odwala shuga musasale kudya musanafunse adokotala.

Mulungu amachiritsa, ine ndikukhulupirira. Koma Yesu atachiritsa wakhate anamutuma kukaonekera kwa wansembe. Inunso kayezetseni, umboni mubwere nawo uli m'buku lakuchipatala.

Gwirani wailesi yanu tipemphere. Atate, khudzani aliyense wodwala shuga, mum'patse machiritso ndi nzeru. M'dzina la Yesu, ameni.