Bwato Limayesedwa pa Mafunde: Kupima Mtima wa Achinyamata Amaseŵera

Nkhani ya lero ikuchokera m'mphepete mwa nyanja, m'boma la Nkhotakota. Munthu woyenda madzulo mumseu wa M5, kuchokera ku Benga kudutsa pa Chia ndi pa Linga mpaka kukafika ku Dwangwa ndi ku Dwambazi, amaona zofanana m'mudzi uliwonse. Dzuŵa likapendeka, anyamata amadzaza mabwalo a sukulu ndi mchenga wa kugombe, ena akumenya mpira wachikopa, ena wachikulunga, atsikana nawonso ali kalikiliki ndi ntchemberembaye. Ambiri mwa iwo amalakalaka kudzaseŵera tsiku lina pa bwalo la Chitowe ku Dwangwa, maina awo akumveka pa wailesi.

Anyamata akunyanja ndi anthu amphamvu. Amapalasa bwato usiku wonse posaka usipa, amakoka makoka, amasenza matumba a mpunga, ndipo m'maŵa mwake amakhala ali pabwalo. Kholo likamuona mwana wotere silikayika kuti ali ndi thanzi. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mmisiri wosema mabwato amadziŵa kuti bwato lililonse limaoneka labwino likakhala pamchenga, ndipo ubwino wake weniweni umadziŵika mwera ukaomba m'miyezi ya Juni ndi Julaye. Mtima wa munthu ulinso chimodzimodzi: matenda ena amabisala munthu akakhala pansi, nadzaonekera pamene thupi lafika pachimake pa ntchito.

Okonda mpira sadzaiŵala tsiku la 26 Juni 2003, pamene Marc-Vivien Foé wa dziko la Cameroon anagwa pakati pa bwalo mumzinda wa Lyon ku France, popanda womugunda, timu yake ikulimbana ndi Colombia. Anamwalira tsiku lomwelo ali ndi zaka 28, ndipo madokotala anapeza kuti mnofu wa mtima wake unali wokhuthala mopyola muyeso. Mu Ogasiti 2007, Chaswe Nsofwa wa ku Zambia anagwa ndi kumwalira akuseŵera ku Israel. Koma nkhani ya Enock Mwepu, wa ku Zambia komweko, inatha mwa mtundu wina. Iye anadwala ali paulendo wokatumikira timu ya dziko lake mu Seputembala 2022, ndipo atapimidwa ku England kunapezeka kuti ali ndi nthenda ya mtima ya kumtundu. Mu Okutobala chaka chomwecho anasiya kuseŵerera timu ya Brighton ali ndi zaka 24 zokha. Zinali zoŵaŵa, komabe moyo wake unapulumuka chifukwa nthendayo inadziŵika asanagwe nayo pabwalo.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, nkofunika kuyamba ndi ntchito ya mtimawo. Mtima ndi mnofu waukulu ngati chibakera cha mwini wake. Uli ndi zipinda zinayi ndi tizitseko tinayi toletsa magazi kubwerera m'mbuyo, ndiponso uli ndi mphamvu yakeyake yonga ya magetsi imene imaulamula nthaŵi yogunda. Munthu wamkulu akapumula, mtima umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi, nupopa magazi okwana pafupifupi malita 5. Akathamanga kwambiri umapopa malita 20 kapena kuposerapo pa mphindi yomweyo. Tsono ngati pali chilema m'mnofu, m'tizitseko kapena m'magetsi aja, nthaŵi ya liŵiro ndiyo imene chilemacho chimaonekera.

Matenda obisalaŵa ali m'magulu angapo. Ena munthu amabadwa nawo, monga kukhuthala kwa mnofu kumene kunapha Foé. Ena amabwera pambuyo pa chimfine kapena matenda ena a mavairasi, mnofu wa mtima ukatupa. Koma nthenda imene ikusautsa kwambiri ana a kuno ku Africa ndi imene madokotala amaitcha rheumatic heart disease. Imayamba ndi zilonda zapakhosi zodza ndi tizilombo totchedwa streptococcus. Mwana akapanda kulandira mankhwala, patapita masabata aŵiri kapena atatu amatha kumva kuŵaŵa m'mfundo ndi kutentha thupi, ndipo chitetezo cha m'thupi, m'malo molimbana ndi tizilombo tokha, chimayamba kuononga tizitseko ta mtima. Pa kafukufuku amene anachitika m'boma la Lilongwe, zotsatira zake nkusindikizidwa mu 2016, ana 1,450 a zaka 5 mpaka 16 anaunikidwa mtima, ndipo oposa 3 pa 100 alionse anapezeka ndi zizindikiro za nthendayi asakudziŵa. Kunyanja kuno palinso malungo ndi likodzo, zimene zimachepetsa magazi kotero kuti mtima umagwira ntchito yoposa muyeso. Likodzo likakhalitsa m'thupi, mazira ake amatha kutseka timitsempha ta m'mapapo, mtima nulema popopa.

Kupima wamaseŵera kumayamba ndi mafunso, ndipo gawo limeneli silifuna makina kapena ndalama. Dokotala amafuna kudziŵa ngati mwanayo anakomokapo ali mkati mothamanga, ngati amamva kuŵaŵa kapena kuthina pachifuŵa akaseŵera, ngati amapuma ŵefuŵefu msanga kuposa anzake a msinkhu wake, ndiponso ngati mtima wake umathamanga wokha mosalongosoka. Amafunsanso za kumtundu: ngati alipo mbale amene anamwalira mwadzidzidzi asanakwane zaka 50. Funso lina lofunika kwambiri kwa anthu akunyanja ndi lokhudza mbale wodziŵa kusambira amene anamira pamadzi abata popanda chifukwa chomveka, pakuti matenda ena a magetsi a mtima amagwira munthu ali m'madzi. Imfa zotere kaŵirikaŵiri anthu amazikamba monong'ona, ena nkumaloza chala achibale, chonsecho mwina ndi nthenda yoyenda m'magazi a banjalo.

Gawo lachiŵiri ndi kupima munthu atakhala kapena atagona. Dokotala amayeza kuthamanga kwa magazi, namvetsera m'chifuŵa ndi kachipangizo kake kuti amve ngati tizitseko tikutseka bwino kapena tikudontha. Kenaka pali makina a ECG, amene amalemba papepala mayendedwe a magetsi a mtima, ndi makina ounikira, a mtundu womwe uja aunikira amayi oyembekezera, amene amaonetsa kukhuthala kwa mnofu ndi maonekedwe a tizitseko. Dziko la Italy linakhazikitsa lamulo mu 1982 loti aliyense wopikisana pa maseŵera ayambe wapimidwa, kuphatikizapo ECG. M'chigawo cha Veneto, imfa zadzidzidzi za oseŵera a zaka 12 mpaka 35 zinatsika kuchoka pa 3.6 kufika pa 0.4 mwa anthu 100,000 pachaka, pakati pa 1979 ndi 2004. Bungwe la FIFA nalo linayamba kupima oseŵera onse a mpikisano wa dziko lonse kuyambira mu 2006. Komabe pepala la ECG limafuna woliŵerenga wozindikira, chifukwa mizere ina imene imadetsa nkhaŵa mwa oseŵera achizungu imapezeka mwa oseŵera akuda ambiri athanzi labwino, ndipo malangizo a akatswiri a mu 2017 amanena za kusiyana kumeneku. Woŵerenga mosasamala akhoza kuletsa mpira mwana wopanda vuto.

Gawo lachitatu ndilo loika bwato pamafunde. Mu 1963, dokotala Robert Bruce wa mumzinda wa Seattle ku America anafalitsa njira yoyesera mtima munthu akugwira ntchito, ndipo ikugwiritsidwabe ntchito m'zipatala zambiri. Wopimidwayo amayenda pa lamba woyendetsedwa ndi makina, nthambo za ECG zili pachifuŵa. Amayamba ndi liŵiro la makilomita 2.7 pa ola, ndipo mphindi 3 zilizonse liŵiro limaonjezeka, lambayo napendeka ngati chitunda. Kwina amagwiritsa ntchito njinga yosayenda. Dokotala amayang'ana ngati kugunda kukukwera mwadongosolo kulinga ku malire ake, amene amayerekezedwa pochotsa zaka za munthu pa 220, kotero kuti kwa mnyamata wa zaka 18 ndi pafupifupi 202. Amayang'ananso ngati kuthamanga kwa magazi kukukwera monga kuyenera, pakuti kukatsika munthu ali mkati mothamanga ndi chizindikiro choipa. Amaona ngati pakubuka kugunda kosokonekera kumene kunalibe munthuyo atagona, ndipo pomaliza amaona changu chimene mtima ukubwerera nacho m'malo mwake akaima.

Gawo lachinayi ndi magazi. Munthu wosenza thumba la mpunga lobooka sadziŵa kanthu, koma wobwera m'mbuyo mwake amadziŵa poona timbewu tatayika m'njira. M'mnofu wa mtima muli chinthu chotchedwa troponin, chimene malo ake ndi m'mnofumo, ndipo chikapezeka chochuluka m'magazi ndiye kuti mnofuwo wavulala. Njira yochiyezera inapangidwa m'zaka za m'ma 1980 ndi Hugo Katus ndi anzake ku Germany. Palinso BNP, chimene mtima umatulutsa ukamakanika kupopa ndi kutanuka mopyola muyeso. Koma apa mpofunika kudekha. Othamanga mitunda italiitali ambiri, athanzi ndithu, amapezeka ndi troponin wokwera akangomaliza mpikisano, ndipo amatsika yekha pasanathe masiku atatu. Chodetsa nkhaŵa ndi pamene wakhalabe wokwera, kapena wabwera limodzi ndi ululu wa pachifuŵa ndi kusintha kwa ECG. Zikatero dokotala amaganizira za kutupa kwa mnofu wa mtima, ndipo wodwalayo amauzidwa kupumula maseŵera kwa miyezi 3 mpaka 6. Ichi ndicho chifukwa chake mayeso amodzi okha saŵeruza mlandu: mafunso, ECG, lamba ndi magazi zimachitirana umboni.

Makina a lamba ndi mayeso a troponin ndi okwera mtengo, ndipo sapezeka m'chipatala chilichonse. Koma zimenezi sizitanthauza kuti mwana wa ku Ngala kapena ku Liwaladzi alibe pogwira. Kuyeza kuchuluka kwa magazi, malungo ndi likodzo, ndi kumvetsera m'chifuŵa, ndi ntchito za masiku onse pa chipatala cha boma cha Nkhotakota ndi pa chipatala cha St Anne's. Bungwe la World Health Organization limati mwamuna amene hemoglobin wake sakufika pa 13, kapena mkazi amene wake sakufika pa 12, ali ndi magazi ochepa, ndipo vuto limeneli ndi lochizika. Amene m'chifuŵa mwake mwamveka zokayikitsa amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe kukaunikidwa. Nthenda ya tizitseko ikapezeka msanga, jakisoni wa penicillin wa masabata anayi alionse amaiimitsa. Pa kafukufuku wa ku Uganda wofalitsidwa mu 2021, nthendayi inakula mwa ana osakwana 1 pa 100 amene ankalandira jakisoniyu, pamene mwa osalandira inakula mwa 8 pa 100.

Mphunzitsi wa zamaseŵera ali ndi mbali yake yaikulu. Akhoza kuphunzitsa ana kuŵerenga kugunda kwa mtima pamkono kwa masekondi 15 ndi kuchulukitsa kanayi, asanathamange, atangoima, ndiponso patapita mphindi imodzi, nalemba zonsezi m'kope. Kope lotere silipeza nthenda, koma limaonetsa mwana amene akusiyana ndi anzake kapena amene wasintha kuyambira mwezi wathawo. Mphunzitsi asalole mwana wotentha thupi kuloŵa m'bwalo, ngakhale akhale wogoletsa zigoli wodalirika pa tsiku la chikho. Koposa zonse, mwana wokomoka ali mkati mothamanga asangothiridwa madzi ndi kubwezedwa m'bwalo, ndipo asanenedwe kuti ndi waulesi kapena kuti timu inayo yamutchera mankhwala. Malo ake ndi kuchipatala, ndipo asaseŵerenso kufikira dokotala atavomereza.

Tsoka likagwa, woseŵera nagwa popanda womugunda, osayankha ndiponso osapuma bwino, mphindi zoyamba ndizo za moyo. Agonekedwe chagada pamalo olimba, ndipo mmodzi aike manja onse aŵiri pakati pa chifuŵa ndi kudinikiza mwamphamvu, kuloŵa masentimita 5, ka 100 mpaka ka 120 pa mphindi, osalekeza, wina akuthamangira galimoto. Christian Eriksen wa ku Denmark anagwa chotero ku Copenhagen pa 12 Juni 2021, ndipo anapulumuka chifukwa anamudinikiza pachifuŵa nthaŵi yomweyo ndi kudzutsa mtima wake ndi makina a magetsi. M'chaka chotsatira anabwereranso m'bwalo.

Nkhaniyi isachititse makolo kutsekera ana m'nyumba. Imfa zapabwalo nzosoŵa, ndipo maseŵera amalimbitsa mtima wa ana ochuluka zedi. Kupimidwa sikutanthauza kutha kwa mpira: Nwankwo Kanu wa ku Nigeria anapezeka ndi vuto la katseko ka mtima mu 1996 atapimidwa ndi timu ya Inter Milan, anachitidwa opaleshoni ku Cleveland, ndipo anaseŵeranso zaka zambiri pambuyo pake. Chofunika nchakuti kholo lisanyozere zilonda zapakhosi za mwana, mphunzitsi afunse mafunso aja nyengo ya mipikisano isanayambe, ndipo mnyamata mwini wake asabise kuŵaŵa kwa pachifuŵa poopa kutaya malo m'timu. Msodzi wanzeru amamata mng'alu wa bwato likadali pamtunda, mwera usanayambe. Nkhani ya lero yathera pamenepa.