Azigogo a tsumba: mbiri ya phwando la nyimbo la Rebellion

 

Mwezi uno ndi ine ndagwidwa ndi maere oti ndikambe za nyimbo za kunja, ndiye ndasankha mtundu umene ambiri muno simuukonda, ndikudziwa. Punk rock. Ena mukangomva gitala yake mumati ndi phokoso basi, ndipo sindikutsutsani kwenikweni. Koma phokoso limeneli lili ndi phwando lake lapachaka limene linayamba mu 1996 ndipo mpaka lero likuchitikabe, pamene ife tikudziwa mashoo ambiri amene amabwera ndi mapositala okongola chaka chimodzi, chaka chinacho zii. Chimene chinandikoka n'chimenecho.

Tiyambe ndi punk yeniyeniyo, mwachidule, poti popanda iyo nkhani ya phwandoli simveka. Chaka cha 1976 dziko la Britain linali pamavuto a zachuma. Anthu opitirira 1 miliyoni analibe ntchito, mitengo ya zinthu ikungokwera, ndipo boma lawo linachita kukapempha ngongole ku IMF. Inde, Britain yomweyi. Achinyamata otuluka sukulu ankangokhala. Oimba otchuka a nthawi imeneyo anali anthu olemera, oimba nyimbo zitalizitali zofuna zida zodula, moti mwana wa m'makomboni a ku London sakanalota n'komwe kuchita nawo. Ndiye anyamata ndi atsikana ena anangotenga magitala otchipa n'kuyamba kuimba nyimbo za mphindi ziwiri kapena zitatu, zothamanga, zaukali, zokamba za ulova ndi kutopa ndi atsogoleri. Gulu la The Damned linatulutsa nyimbo yake yoyamba mu Okutobala 1976, Sex Pistols mu Novembala, The Clash chaka chotsatira. Pa 1 Disembala 1976 a Sex Pistols anatukwana pa wailesi yakanema anthu akuonera, ndipo mizinda yambiri inawaletsa kukaimba.

Pali kanthu kamodzi ka nthawi imeneyo kamene ndikufuna mukasunge. Anyamata a Buzzcocks a ku Manchester, m'malo modikira kampani yojambula nyimbo, anabwereka ndalama pafupifupi mapaundi 500 kwa abale ndi anzawo n'kutulutsa okha chimbale chawo chaching'ono, Spiral Scratch, mu Januwale 1977. Maganizo oti chita wekha, usadikire bwana, ndi amene adzabwerenso m'nkhani ya phwandoli.

Ndipo inu okonda rege musamaone ngati ndi anthu achilendo kwambiri. Ku kalabu ya Roxy ku London, DJ Don Letts ankaika nyimbo za rege pakati pa mabandi a punk, ndipo Bob Marley mwiniwake anaimba nyimbo yotchula ubale umenewu mu 1977.

Moto woyambawo sunakhalitse. Sex Pistols inatha mu Januwale 1978, Sid Vicious anamwalira mu Febuluwale 1979 ndi mankhwala ozunguza bongo ali ndi zaka 21 zokha, ndipo atolankhani analengeza kuti punk yafa. Sinafe, inangochoka m'manyuzipepala. Mabandi ngati UK Subs, GBH, The Exploited ndi Discharge anapitiriza kuimba m'mabala ang'onoang'ono, aliyense ndi kagulu kake ka omutsatira mu mzinda wake.

Tifike mu 1996. Patha zaka 20 chiyambireni punk. Ku America, Green Day ndi The Offspring anali atangogulitsa zimbale mamiliyoni mu 1994, ndipo a Sex Pistols anagwirizananso n'kuyamba kuzungulira maiko, osabisa n'komwe kuti akufuna ndalama. Chaka chimenecho Darren Russell, munthu amene ankakonza mashoo a punk, anaganiza zosonkhanitsa mabandi akalewo pamalo amodzi kwa masiku angapo. Malo ake anasankha holo ya Winter Gardens mu mzinda wa Blackpool, ndipo phwandolo analitcha Holidays in the Sun, dzina la nyimbo ina ya Sex Pistols. Dzinali linalinso nthabwala, poti aliyense amadziwa kuti dzuwa kumpoto kwa England ndi mlendo.

Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa kwa ine chinsinsi chachikulu chili pa malowa. Blackpool ili m'mphepete mwa nyanja kumpoto chakumadzulo kwa England, m'chigawo cha Lancashire. Kalekale ndi kumene anthu ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu ankapita kukapuma mafakitale akatseka kwa sabata. Anawamangira nsanja yaitali mamita 158, Blackpool Tower, imene inatsegulidwa mu 1894, komanso Winter Gardens yomweyo, imene inatsegulidwa mu 1878. Kenako ndege zinatchipa, Angerezi anayamba kupita ku Spain, ndipo mzindawu unatsala ndi nyumba zogona alendo zambirimbiri zopanda alendo. Lero ndi umodzi mwa mizinda yosauka kwambiri ku England. Ndiye taganizani: mzinda wa anthu wamba umene dziko linauiwala, ndi nyimbo za anthu wamba zimene dziko linaziiwala. Zinapezana.

Komanso pali nkhani ya msana, musaseke. Maphwando ambiri a nyimbo ku Britain, monga Glastonbury, amachitikira pabwalo, anthu n'kumagona m'matenti, mvula ikagwa matope okhaokha. Munthu amene anali ndi zaka 17 mu 1977, pofika 1996 anali bambo kapena mayi wa ana, ndipo lero ndi agogo. Tenti sangaifune. Ku Winter Gardens zonse zili m'nyumba imodzi yokhala ndi maholo angapo, monga Empress Ballroom ndi Opera House. Ukatopa ndi bandi ina umangoyenda pang'ono n'kulowa holo ina, ndipo usiku ukagona pabedi lenileni pamtengo wotsika. Okonza anaganizira anthu amene anali nawo, osati amene ankawalota.

Ulendo wake sunali wowongoka ayi. Phwandoli linasamukira ku Morecambe, tauni ina ya m'mphepete mwa nyanja chakumpoto pang'ono, ndipo linachitikira kumeneko zaka zingapo. Dzina linasintha n'kukhala Wasted. Kenako linabwerera ku Blackpool, ndipo kuyambira mu 2007 likutchedwa Rebellion, kutanthauza kuukira. Maina atatu, matauni awiri, koma anthu ake omwewo. Darren Russell ndi Jennie Russell-Smith akhala akuliyendetsa paokha, osaligulitsa ku makampani akuluakulu amene ali ndi maphwando ena ambiri a nyimbo ku Britain. Mwakumbukira a Buzzcocks aja?

Masiku ano limachitika kumayambiriro kwa Ogasiti, masiku anayi, Lachinayi mpaka Lamulungu, ndipo mabandi amene amaimba amafika mazana. Anthu amachokera ku Europe konse, ku America, ku Japan, ku Brazil. Kuwonjezera pa masiteji akuluakulu, pali siteji ya nyimbo zofatsa za gitala yamatabwa, siteji imene oimba ndi olemba mabuku amakhala pansi n'kumacheza ndi anthu, komanso chionetsero cha zojambula. Ana amaloledwa kulowa ndi makolo awo. Pazithunzi mumaona bambo waimvi, wometa m'mbali n'kusiya tsumba lofiira pakati, atanyamula mdzukulu wovala zotchinga m'makutu. M'ma 1970 kuno kwathu ngakhale tsitsi lalitali lokha la mwamuna linali mlandu, ndiye mutu woterowo sindikudziwa ukanathera kuti.

Mliri wa Covid-19 unaliimitsa zaka ziwiri, 2020 ndi 2021. Kwa phwando lodalira matikiti, zaka ziwiri zopanda kanthu zikanatha kukhala maliro. Linabwerera mu 2022, ndipo chaka chimenecho anawonjezera siteji yapanja m'mphepete mwa nyanja pafupi ndi nsanja ija.

Tsono ndisakunamizeni kuti aliyense amaliyamikira. Alipo amene amati Rebellion ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale: mabandi omwewo chaka ndi chaka, Cock Sparrer, Stiff Little Fingers, The Damned, kuimba nyimbo za zaka 40 zapitazo kwa anthu amene anagula tikiti yodula. Kuukira kwanji kolipira pakhomo? Funso limeneli ndi lachilungamo, ndipo ine ndikugwirizana nalo theka. Nyimbo zimene zinayamba ngati mkwiyo wa achinyamata osowa ntchito zikasanduka chikumbutso cha ubwana, china chake chatayika ndithu.

Theka linalo ndi ili. Okonza anapatula siteji ya mabandi atsopano okhaokha, Rebellion Introducing, kumene achinyamata osadziwika amaimba m'nyumba yomweyo, tsiku lomwelo ndi akuluakulu aja. Agogo amene anabwera kudzaonera bandi ya unyamata wake amadutsa pakhomo, n'kumva ana a zaka 19 akuimba za lendi ndi ulova wa lero, n'kuima. Mwina agula sikipa yawo. Mabandi okhala ndi atsikana nawonso achuluka kuposa mmene zinalili kale. Ndalama za okalamba ndi zimene zikulipirira holo imene ana akuimbiramo, ndipo anawo ndi amene adzaidzaze mawa. Ine ndikuona kuti popanda siteji imeneyo phwandoli likanakhala likungodikira kuti omvera ake athe.

Ndipo okalamba enawo sanatope monga mukuganizira. Charlie Harper, woimba wa UK Subs, anabadwa mu 1944. Punk ikuyamba mu 1976 iye anali kale ndi zaka 32, wamkulu kwa pafupifupi anzake onse a m'mabandi a nthawiyo. Wakhala akuimba ku phwandoli mobwerezabwereza kwa zaka zambiri, ndipo mu 2024 anakwanitsa zaka 80 adakagwirabe maikolofoni. Mukafika kunyumba, amene muli ndi bandulo, lembani dzina lake pa YouTube pamodzi ndi mawu oti Rebellion, muone nokha mmene holo imagwedezekera. Mutsitseko voliyumu ngati amayi agona.

A tcheyamani, ndathera pamenepa. Mafunso alipo?