Galu amene amadziwa kusiya

Nkhani yanga lero ndi ya agalu, makamaka masewera aja amene ambirife tinangowaona pa YouTube: galu akuthamangira munthu, n'kumugwira mkono, kenako n'kusiya mwiniwake atangolankhula liwu limodzi.

Masewerawa anayambira ku Germany. Mu 1899, Max von Stephanitz ndi anzake anakhazikitsa bungwe la agalu a mtundu wa German Shepherd, ndipo ankafuna njira yoyesera ngati galu ali ndi mutu wabwino asanamulole kubereka. Mayesowo ndi amene anadzatchedwa Schutzhund, kutanthauza galu woteteza. Kuyambira 2019 amatchedwa IGP, ndipo agalu a mtundu wa Belgian Malinois nawonso ndi akatswiri kumeneko.

Galu amayesedwa pa zinthu zitatu: kutsata fungo, kumvera, ndi kuteteza. Gawo lililonse lili ndi mapointi 100, ndipo akapeza osakwana 70 pa gawo limodzi, walephera basi, kaya kwinako anakhoza chotani.

Tiyeni tikhalitse pa gawo lotetezalo, poti ndi limene limatisokoneza. Munthu wovala chotetezera mkono chokhuthala, chokutidwa ndi nsalu ngati ya chiguduli, amabisala m'kachisakasa pabwalo. Galu akamupeza saloledwa kuluma. Amaima pamaso pake n'kumauwa mpaka mwiniwake afike. Kuluma kumabwera munthuyo akathawa kapena akaukira, ndipo galu amagwira chotetezera chija. Ndiye pamabwera mayeso enieni: mwiniwake akati "aus", kutanthauza siya, galu azisiya pompo. Akauzidwa katatu osasiya, amachotsedwa mumpikisano. Mwamva? Galu woluma kwambiri pabwalo lonse akhoza kubwerera kwawo chimanjamanja.

Komanso asanafike pamenepo, galu amayamba wakhoza mayeso otchedwa BH. Amamuyendetsa kumsewu pakati pa anthu, njinga, magalimoto ndi agalu ena. Akaonetsa mantha kapena kulusa popanda chifukwa, ulendo wathera pomwepo.

Tsono yerekezani ndi zimene timachita kwathu kuno. Kagalu timakatsekera m'khola tsiku lonse kuti kasazolowere anthu, ena amathira tsabola m'chakudya, ena kumenya, ati kuti akhale wolusa. Ine ndimaona kuti galu wotereyu ndi wamantha chabe. Sasiyanitsa wakuba ndi mwana wa aneba wobwera kudzatenga mpira wake, ndipo akaluma mwanayo, mlandu ndi ndalama zakuchipatala zili pa inu eni ake.

Ophunzitsa a IGP amayamba ndi masewera. Kagalu ka miyezi iwiri amakakokera chisanza pansi kuti kachithamangitse, kakachigwira amakokerana nako pang'ono, kenako amakasiyira kuti kapambane. Mphindi zochepa zokha, kasanatope. Kusiya amakaphunzitsa posinthanitsa: kakasiya chisanza, kamalandira china kapena kachakudya, choncho kamadziwa kuti kusiya si kuluza. Kakamachoka mano aubwana, cha pa miyezi 4 mpaka 6, zokokeranazo amachepetsa kwambiri chifukwa nkhama zimakhala zikuwawa. Nthawi yomweyo kamaona anthu osiyanasiyana, kumva phokoso, kuponda pasimenti, paudzu, pamchenga.

Izi inunso mukhoza kuchita pakhomo ndi chisanza ndi tizidutswa ta usipa, ngakhale galu wanu ndi wachikuda. Kukhala, kugona, kubwera akaitanidwa, kusiya. Malamulowo nenani m'Chichewa momwemo, galu sadziwa Chijeremani. Chokhacho, musasinthesinthe mawu: ngati lero mwati "siya", mawa isakhale "taya".

Koma zomuphunzitsa kuluma munthu, chonde aise, musayesere pa mnzanu atakulunga bulangete kumkono. Zimenezo zimafuna munthu wodziwa ntchitoyo ndi zovala zake. Ndipo musanayambe chilichonse, galu akapitirira miyezi itatu pitani naye kwa a vetenale akabayidwe katemera wa chiwewe.