Mwana Amaphunzira Posewera

Amayi ndi abambo, tamverani.

Nthawi yolima tonse timapita kumunda. Ana aang'ono timawasiya ndi achemwali awo, ndipo atsikanawo amalephera kupita kusukulu. Eskolinya ya m'mudzi imathetsa vuto limeneli.

Kumeneko timatumiza ana a zaka 3 mpaka 5. Olera ana sawakwapula, sawakakamiza kulemba. Ana amaimba, amamvera nthano m'Chinyanja, amawerenga miyala ndi njere za chimanga, amajambula pamchenga. Asanadye phala la nsinjiro, amasamba m'manja ndi sopo.

Ena amati: "Kumeneko n'kusewera chabe." Ayi! Mwana wowerenga miyala lero sadzaopa masamu akadzalowa kalasi yoyamba ali ndi zaka 6.

Tibweretse ufa ndi nkhuni. Tizisinthana pophika phala. Ana awa ndi athu tonse.