KHUTU LA MLIMI SILIGULIDWA KU SITOLO

Mawu amene anakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi

Masiku onse pa nthawi yino tikambirana za mbewu, za manyowa ndi za ziweto. Lero ndifuna kuti tikambe za chida china chimene mlimi aliyense ali nacho, koma sachisamala monga asamalira khasu ndi nkhwangwa. Chidacho ndi khutu. Khasu likatha mupita ku sitolo kukagula lina, mpini ukathyoka musema wina. Koma khutu likafa m'kati mwake, palibe sitolo imene mungakapeze lina.

Kapena wina afunsa kuti, kodi Mlangizi wa Zaulimi wayamba liti kukamba za chipatala? Yankho lake ndi ili: ntchito ya ulimi iyenda ndi mawu. Pa msonkhano tinena kuti mizere ya chimanga italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, ndi mbewu imodzi pa phando. Mlimi amene makutu ake ayamba kulemera amva theka la mawuwo, achita manyazi kufunsa, angogwedeza mutu, napita kukabzala molakwa. Pa msika samvetsa mtengo umene wogula watchula. Pa bwalo, pa mlandu wa malire a munda, avomera chinthu chimene sanachimve. Pa msewu, ali pa ngolo, samva galimoto ikudza kumbuyo. Tsono muona kuti nkhaniyi ndi yathu ndithu.

Tiyambe ndi m'mene khutu linapangidwira. Khutu limene tiliona kunjali ntchito yake ndi kukola mawu ndi kuwalowetsa m'kanjira. Kumapeto kwa kanjirako kuli kachikopa kopyapyala, kokungika ngati chikopa cha pa ng'oma. Mawu akakagunda kanjenjemera, ndipo timafupa titatu tating'onoting'ono titenga kunjenjemerako kunka nako m'kati, ku kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono. M'menemo muli tinthu tonga ubweya, pafupifupi 15,000 m'khutu limodzi, ndipo ndi timeneti titumiza mawu ku ubongo. Tsitsi mukameta limera, udzu mukatentha uphuka, koma tiubweya timeneti tikafa sitimeranso. Madzi akatayika saoleka.

Mdani woyamba wa tiubweyati ndi phokoso. Monga tiyesa chimanga ndi makilogalamu, phokoso aliyesa ndi madesibelo. Anthu awiri akamacheza bwinobwino, mawu awo ali pafupi ndi madesibelo 60. Munthu wogwira ntchito maola 8 pa tsiku m'phokoso la madesibelo 85 wafika pa malire, ndipo phokoso likakwera ndi madesibelo 3 okha, nthawi imene khutu lingapirire ichepa ndi theka. Ndiye kuti pa 88 ndi maola 4, pa 91 maola 2, ndipo pa 100 mphindi 15 zokha. Macheka a injini ochekera matabwa apitirira 100.

Kumudzi tilibe choyesera phokoso, koma pali njira yapafupi. Imani pamene mnzanu angakukhudzeni atatambasula mkono. Ngati muyenera kufuula kuti akumveni, phokosolo liri kudya makutu anu. Kayeseni zimenezi m'chigayo, pa thalakitala, kapena pafupi ndi injini yopopera madzi ku dimba, ndipo mudzaona nokha. Chizindikiro china ndi ichi: mukaweruka, m'makutu mulira ngati nyenje, ndipo mawu a anthu amveka ngati ochokera m'mtsuko. M'mawa zimenezi zitha, munthu nayesa kuti wachira. Koma zikachitika tsiku ndi tsiku tiubweya tija tiri kutha pang'onopang'ono, monga nankafumbwe atha chimanga m'nkhokwe mwini wake osadziwa.

Inu eni zigayo, guliraniko anyamata anu zotsekera m'makutu, zimene zipezeka m'masitolo a zipangizo zomangira. Kutseka ndi thonje sikukwanira, pakuti thonje lichepetsa phokoso pang'ono chabe. Ngati anyamata ali awiri, azisinthana kuti wina asakhale m'katimo tsiku lonse. Mangani mabawuti amene akhwepa, thirani girisi, ndipo konzani paipi ya utsi ikabooka, chifukwa makina osasamalidwa alira koposa. Mangani kachisakasa kodikirira pataliko ndi chigayo. Ndipo inu amayi, musaime pakamwa pa chigayo mwana ali kumbuyo. Msiyireni mnzanu panja kufikira ufa wanu utatuluka. Chimodzimodzinso pa maukwati, musakhazike ana pafupi ndi zokuzira mawu.

Mdani wachiwiri ndi matenda, makamaka mwa ana. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linalengeza mu 2021 kuti anthu oposa 430 miliyoni ali ndi vuto lalikulu la kumva, ndiponso kuti mwa ana 10 alionse a vutoli, pafupifupi 6 chinawapweteka ndi chinthu chimene chikadatha kupewedwa. Mwana akamatuluka mafinya m'khutu, ambiri anena kuti ndi zaubwana, zidzatha zokha. Iai. Mafinyawo kawirikawiri asonyeza kuti kachikopa kaja kabooka, ndipo mukachedwa matendawo aononga timafupa tija, mwinanso afika ku ubongo. Pitani naye ku chipatala msanga. Musathiremo madzi a masamba, mafuta kapena mankhwala ogula pa msika, ndipo asasambire m'dambo kufikira khutu litauma.

Chikuku, matenda oumitsa khosi ndi malungo a ku ubongo nazonso zigonthetsa. Chifukwa chake mwana alandire katemera wa chikuku pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, agone m'masikito, ndipo akatentha thupi musagone naye masiku. Alipo mankhwala ena amphamvu obaya amene apweteka makutu akaperekedwa mosayenera. Tsono musalole kubayidwa jakisoni ndi munthu wongoyendayenda m'midzi. Ngati muli pa mankhwala a ku chipatala ndipo m'makutu mwayamba kulira, kauzeni amene anakupatsaniwo. Ndipo khutu likangotseka mwadzidzidzi, musadikire Lolemba. Pitani tsiku lomwelo.

Mdani wachitatu ndi manja athu omwe. Nthenga ya nkhuku ndi kamtengo ka machesi si zolowetsa m'khutu. Phula la m'khutu si litsiro. Likola fumbi ndi tizilombo, ndipo lituluka lokha. Mukamalitokosa mulikankhira m'kati, kapena mubowola kachikopa kaja. Pa nthawi yokolola ana akonda kulowetsa njere ya chimanga kapena nyemba m'khutu. Musaikolowole ndi waya, ndiponso musathiremo madzi, pakuti nyemba ikanyowa itupa. A ku chipatala ali ndi zochotsera. Komanso khofi la pa khutu litha kung'amba kachikopako kamodzi kokha.

Apa ndifuna makolo mumvetse. M'chinenero chathu mawu oti kusamva ali pawiri. Mwana mumuitana kawiri katatu sayankha, mumtuma mchere abwera ndi madzi, ndipo munena kuti mwana uyu ngwosamva, nimumkwapula. Musanatenge mkwapulo yambani mwayesa. Muitaneni motsitsa mawu muli kumbuyo kwake. Khanda lisadzidzimuke chitseko chikamenyetseka, kapena mwana afike zaka 2 osatchula mawu, mpiteni naye akamuyese. M'mera mpoyamba: mwana wothandizidwa msanga aphunzira bwino. Kwa ana amene samva konse kuli sukulu zawo, monga ya Mary View ku Chiradzulu, ya Mua ku Dedza ndi ya Embangweni ku Mzimba. Musamsandutse mbusa wa mbuzi moyo wake wonse.

Nanga amene makutu awo analemera kale chifukwa cha ukalamba, phokoso kapena matenda? Kwa ambiri a iwo chithandizo chiripo. Kuli timakina tothandiza kumva, tovala pa khutu, timene tikuza mawu. Yambani ku chipatala chaching'ono cha kwanu, pakuti nthawi zina vuto ndi phula lokha limene latseka njira. Ngati si phula adzakutumizani kumene ayesa makutu, monga ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku chipatala cha makutu cha ku African Bible College ku Lilongwe. Kumeneko ayesa khutu lirilonse palokha, natchera kamakinako molingana ndi khutu lanu. Chifukwa chake musabwereke ka mnzanu, ndipo musagule ka pa msika.

Kamakinaka sikabweza khutu la ubwana. Masiku oyamba mawu anu omwe amveka achilendo, ndipo kulira kwa nkhuku ndi kugunda kwa mbale kusokosa. Ambiri pamenepa akavula nakaponya m'sutukesi. Musatero, kuona maso a nkhono nkudekha. Yambani kuvala maola ochepa pakhomo pali zii, muzionjezera tsiku ndi tsiku, ndipo pakapita milungu ingapo mutu uzolowera. Ngati kakupwetekani kapena mawu samveka bwino, bwererani nako akakatcherenso.

Adani a kamakinaka ndi madzi, thukuta, fumbi ndi moto. Kavuleni posamba, pa mvula, popopera mbewu mankhwala ndi polowa m'chigayo. Usiku kapukuteni ndi kansalu kouma, tsekulani kachitseko ka batire, ndipo kasungeni m'kabotolo kouma kotseka bwino, kumene makoswe, agalu ndi ana sangafike. Musakaumitse pa moto kapena pa dzuwa. Kakamalira ngati mluzu, kawirikawiri ndiye kuti sikanalowe bwino m'khutu. Batire lake likhala masiku owerengeka kapena milungu iwiri, malinga ndi kukula kwake, ndipo liyamba kutha mukangomatula kapepala kake. Tsono musamatule musanafune kuligwiritsa ntchito. Pogulitsa mbewu patulani ndalama ya mabatire monga mupatula ya feteleza. Mabatirewa ngaang'ono ngati nyemba, ndipo mwana akameza limodzi thamangani naye ku chipatala nthawi yomweyo.

Potsiriza ndilankhule ndi inu mafumu, pakuti mudzi uyang'ana kwa inu. Pa msonkhano khazikani kutsogolo anthu amene samva bwino. Wolankhula ayang'ane kwa iwo, nkhope yake iri poyera, osaphimba pakamwa, chifukwa iwo athandizidwa ndi kuona milomo. Alankhule momveka ndi mosafulumira, koma osakalipa. Ndipo azilankhula mmodzimmodzi. Miyeso, mitengo ndi masiku zibwerezedwe kawiri, ndipo ngati nkotheka zilembedwe. Pa mlandu musagamule musanatsimikize kuti mwini wake wamva. M'funseni anene yekha chimene chanenedwa, ndipo mbale wake akhale pambali pake. Letsani anyamata kuseka ndi kupatsa maina achipongwe anthu ovala timakinati, pakuti palibe aseka munthu wovala magalasi a maso. Kambiranani ndi eni zigayo a m'dera lanu za zija ndanena.

Tsiku la 3 Malichi chaka chirichonse dziko lonse likumbukira za makutu ndi kumva. Ndi nthawi imene chimanga chiri m'munda ndipo zigayo sizinayambe kutanganidwa ndi zokolola zatsopano. Itanani Mlangizi wa Zaumoyo wa m'dera lanu adzalankhule ndi anthu pa bwalo, ndipo lembani maina a ana otuluka mafinya m'khutu ndi a akulu amene samva bwino, kuti apite kukayesedwa.

Inu amene mwamva mawu awa, kumbukirani kuti alipo anzathu amene wailesiyi sanaimve, ndipo ndi iwowo amene nkhaniyi iwakhudza koposa. Mawa kawafotokozereni, mutakhala nawo maso ndi maso.